Kulonda Mudzatopa

Zaka khumi ndi zitatu tinalonda limodzi
mosungira thonje, kumsewu wa ku Lundazi,
ine ndi tochi ndi chikhoti cha kampani,
iwe ndi makutu.
Malipiro ankabwera m'dzina langa lokha.

Dzinali anakupatsa ndi malemu Tisauke
pofuna kulasa akazi a pampopi
amene ankatiwerengera zaka zopanda mwana.
Akaima pakhomo n'kukuwa, Mudzatopa! Mudzatopa!
a mu Mchini onse ankadziwa kuti sakuitana galu yekha.
Iwo anatopadi. Mwini mawu anatsogola.
Lero watopa ndiwe.

Mayi Shawa a ku vetenale anakupapasa pamimba
nthawi yaitali, osandiyang'ana.
Chotupachi chakula, a Miti, mpeni sungathandize.
Anandiwerengera mapiritsi m'kapepala,
theka m'mawa, theka madzulo, opha ululu chabe,
nati aliponso jakisoni wina, wogonetsa osadzukanso,
tsiku limene mudzaone kuti zakwana.
Ndinafunsa, ndidzaona bwanji?
Anati, galu wanu adzakuuzani.
Ndinakubweza pa wilibala, Kapata yonse ikutiyang'ana,
anyamata a njinga akuliza mabelu: Patukani, abwana akwera!

Piritsi umalavula.
Ndaphunzira kulibisa m'chiponde
n'kukupaka m'kamwa ndi chala
chomwe kale ukanachiluma mwamasewera.
Msuzi wa kapenta wopanda mchere, masupuni asanu.
Dzulo anayi.
Dzira ndimagula limodzi kwa Eneless pakantemba;
amadziwa kuti si langa, koma amangokulunga.

Miyendo yakumbuyo inakukana mwezi wa Meyi.
Ndimakukoleka chitenje pansi pa mimba,
chija cha Tisauke cha maluwa achikasu,
n'kukunyamula ngati ndowa mpaka kuseri kwa mpapaya
kuti udzithandize uli chiimire, monga galu.
Ukachedwa n'kunyowetsa thumba
umalozetsa nkhope kukhoma.
Usachite manyazi, mnzanga. Sopo alipo.
Madzi ndiwo amavuta, koma ndimatunga.

A Yotamu a kuseri amati, podutsa,
galu ndi galu, mkulu, kamutayeni ku Lunkhwakwa,
tiana ta agalu tili mbwee, aliyense angakupatseni.
Sindiyankha.
Chaka chija akuba anabwera ndi zikwanje
si a Yotamu anaima pakati pa ine ndi chitsulo.
Chipsera chili apa, paphewa lako,
pamene ubweya sunamerenso.

Usiku wa Juni mphepo imatsika ku Kanjala
n'kukwawira pansi pa chitseko.
Ndimakufunditsa chikhoti chija cha kampani,
ndimakutembenuza pakati pa usiku, ndiponso tambala akalira,
kuti mbali imodzi isachite zilonda.
Tulo ndilibe n'kale, ntchito inandilanda.
Ndimawerenga mpweya wako
monga ndinkawerengera mabelo a thonje,
ndipo ukasowa umodzi ndimaimirira.

Nambala ya Mayi Shawa ndinailemba ndi khala pakhoma.
Kawiri ndatulutsa foni.
Kawiri ndaibweza m'thumba
chifukwa mchira unagunda pansi, kamodzi kokha,
nditangotchula dzina lako.
Sindidziwa ngati sunandiuze
kapena ndine ndikukana kumva.

Khasu ndanola kale, lili kuseri kwa chitseko.
Malo ndasankha, pamthunzi pa mpapaya womwewo
pamene dothi n'lofewa.
Koma m'mawa uno wanyambita chiponde chonse
mpaka kuyeretsa chala changa,
ndipo njinga ya wogulitsa mkaka itadutsa
unadzutsa khutu limodzi, lija long'ambika,
n'kutukula mutu, n'kuyasama kuti uuwe.
Mawu sanatuluke.

Ndinakuuwira ine.