Mazinga Atatu

Fanuwelo Mulipa anafika Lachiwiri, chiperoni chikunyambita malata,
m'manja muli jumbo yolira ngwengwengwe.
Anakhuthulira pabenchi yanga mbale zinayi zachitsulo,
zoboola pakati, zonyezimira ngati ndalama yatsopano.
"Masipesa awa, amalume. Ndikufuna galimoto itang'adze,
matayala asuzumire kunja kwa madigadi,
ndikamadutsa pa Chitakale akabaza aziiwala makasitomala."

Ndinatembenuza imodzi. Ndinaitembenuzanso.
Panalibe chidindo, panalibe nambala,
ngakhale dzina la amene anaisula.
Nanga pepala lake? Iye anaseka:
"Wogulitsa anati n'zochokera kunja."
Kunja n'kwakukulu, mwana wa mlongo wanga,
ngakhale kuseri kwa bafa n'kunja.

Bauti ili ndi mazinga owerengeka.
Sipesa ikakhala pakati imadyako ake,
nati n'kutola makombo.
Ndinapotokola ndi zala: kamodzi, kawiri, katatu, basi yafika.
Mazinga atatu.
Pamenepo ndi pamene panakhala injini, mipando isanu,
matumba a zinanazi,
ndi mlongo wanga popita kukayezetsa shuga ku boma.

Ndinanena. Mulungu ndi mboni, ndinanena,
kamodzi, motsitsa mawu,
monga amanenera munthu amene lendi yamugwira pakhosi.
Kenako ndinamanga.

Tsiku loyezetsa galimoto litayandikira anabweranso.
"Chotsani kaye, akuluakulu aja ali ndi maso."
Ndinachotsa.
Galimoto inapita ku Blantyre miyendo ili pamodzi ngati mwana wakwaya,
inaponda mabuleki, inaphethira nyali,
n'kubwera ndi chiphaso pagalasi.
Madzulo omwewo ndinabwezeretsa zonse zinayi.
Chiphasocho sichinali chabodza ayi,
kungoti anachipereka kwa galimoto ina,
imene inakhala ndi moyo tsiku limodzi.

Loweruka lina, pamtsetse wa pakati pa minda ya tiyi,
ine ndili kumbuyo, batire la kasitomala lili pamiyendo,
chiwongolero chinayamba kunjenjemera ngati wamalungo.
Kaphokoso, kho, kho, kho,
kenako zii.
Tinaona tayala likutipitirira kumanzere,
losafulumira, ngati lodziwa kumene likupita.
Fanuwelo anati, "Taonani, wina wataya tayala."

Galimoto inagwada.
Chitsulo chinakanda phula, moto n'kuthetheka.
Tayala linadumpha ngalande n'kulowa m'tiyi,
momwe mayi Nampinga anali atangowerama
kuti azule munga kuphazi.
Linadutsa pomwe panali mutu wawo,
n'kuwazula dengu kumsana.
Masamba a m'mawa wonse anagwa pang'onopang'ono,
ena patsitsi pawo, ena m'ngalande.
Sanatukwane.
Anangofunsa kuti makilo awo alipire ndani.

Wapolisi anawerenga chiphaso mpaka kumapeto,
nagwada, nakhudza mabauti ometeka mazinga,
nayang'ana girisi wa m'zikhadabo zanga.
"Anamanga ndani?"
Tsiku limenelo phiri linali litavula mitambo yonse,
mwala uliwonse uli poyera.
Ndinatsitsa batire pansi,
ndinakweza dzanja.

Faindi tinagawana. Dengu ndinagula ndine.
Mlongo wanga sanandilankhule mpaka mvula yoyamba.

Sipesa imodzi ndinaisunga, imapsinja malisiti pabenchi.
Anyamata akabwera ndi majumbo awo
ndimawapatsa kuti aigwire, amve kupepuka kwake,
ndiye ndimafunsa chidindo, pepala, mabauti aatali,
ndiponso ngati adzapite kwa woyeza zitsulozo zili pomwepo.
Mmodzi anabwera nazo zonse, ndinam'mangira ndikuimba mluzu.
Ambiri amanyamula majumbo awo mwaulemu
n'kulowera kwa mnzanga wa ku Nkando, amene safunsa.

Usiku ndikamva galimoto ikutsika mtsetse uja,
zala zanga zimayamba zokha kupotokola bulangete,
kuwerenga.