Chilimwe cha Eni

Pepala lija analimata pa chitseko cha laibulale,
ngodya imodzi itamatuka kale:
masabata asanu kunja, ophunzira zamalamulo,
m'chilimwe, Juni mpaka Julayi.
Asiyatu anaseka mpaka kugwira khoma.
Chilimwe chiti? Cha ndani?
Juni wathu ndi uja chifunga chimatsika phiri
n'kudzakhala nafe m'kalasi pa Chirunga,
zala zitauma, cholembera chikukana.

Tinalembera tonse awiri.
Fomu inafunsa chifukwa chimene ndifunira kuona dziko lina,
ndinayankha ndi mawu mazana asanu, osalakwitsa n'limodzi lomwe.
Inafunsanso chikalata cha ku banki cha miyezi itatu.
Apa mawu anandithera.
Bambo anga amasoka nsapato pa Mpondabwino,
banki yawo ndi chitini cha polishi.

Asiyatu anapita. Mlamu wake anagulitsa njinga yamoto.
Ndinamunyamulira chikwama kuchoka ku Chikanda mpaka pa depoti,
ndipo nsanje ndinali nayo, ndisaname,
yolemera kuposa chikwamacho.

Mauthenga ankafika usiku, magetsi atazima:
kuno dzuwa likukana kulowa,
naini koloko ndikuwerenga panja.
Khothi lawo ndi lagalasi.
Woweruza wabwera pa njinga yakapalasa,
mlandu wa teni koloko wayamba teni koloko,
ndachita mantha.

Ine m'mawa ndinkapita kundende
ndi kabuku ka mphunzitsi wathu ndi kalata yololeza.
Ndiko ndinakumana ndi bambo Makwinja a ku Jali,
omwe akudikira mlandu wa mbuzi
imene mwini wake anaipeza kale.
Lamulo limawerenga maola.
Iwo amawerenga mvula: ziwiri, yachitatu ili m'njira.
Fayilo yawo inasowa.
Ndinaifuna m'chipinda cha mapepala kukhothi,
momwe chiswe chawerenga milandu yambiri kuposa ine,
kalaliki akundiuza kuti bwerani Lachinayi,
Lachinayi n'kundiuza kuti bwerani Lolemba.
Zonsezi ndinkamulembera Asiyatu,
poti ndinalibe nyumba yagalasi yomutumizira.

Anabwera mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi,
ali ndi satifiketi ya chidindo chagolide
ndi chokoleti chimene chinasungunukira m'basi pa Namadzi.
Tinachinyambita papepala, titakhala pa mlatho.
Kenaka anati, tsiku lomaliza
aliyense anafotokoza za kwawo.
Ndinakamba za bambo ako aja a mbuzi.
Holo yonse inangoti zii,
mayi wina anapukuta magalasi,
pulofesa anati nkhaniyi ikhoza kulowa m'buku.

Ndiye kuti bambo Makwinja anakwera ndege
opanda pasipoti, opanda chikalata cha ku banki,
anakayankhula m'holo yofunda,
thupi lawo lili chigonere pa simenti
pakati pa anthu makumi asanu ndi limodzi
otembenuka onse nthawi imodzi.

Sindinamukwiyire. Kapena pang'ono.
Lolemba anandiperekeza, atavala jekete la kunja lija.
Msilikali anatilembetsa mayina,
mafoni tinasiya m'kabasiketi.
Ndinati, bambo, uyu ndi mnzanga,
anakakamba za inu kutsidya kwa nyanja.

Anamuyang'ana nthawi yaitali,
nsapato, jekete, kenaka nkhope.
Ndiye anati chiyani kumeneko?

Anaomba m'manja, anatero Asiyatu, mawu ali pansi.

Bambo Makwinja anagwedeza mutu pang'onopang'ono
ngati munthu wauzidwa mtengo wa feteleza.
Chabwino, anatero. Nanga fayilo?

Potuluka sitinayankhulane mpaka pa msika.
Phiri linali mbee, chifunga chitachoka.
Asiyatu anavula jekete, napinda manja a malaya,
nandifunsa kuti chipinda cha mapepala chija
amatsegula nthawi yanji,
ndipo kalaliki uja dzina lake ndani.