Nkhoswe ya Madzi

Ine ndimawotcherera zitsulo ku Luwinga,
mageti, mabedi, makaliyala a njinga.
Magetsi akathima ndimakhala pa tayala lakutha
n'kumawerenga njinga za makala
zikutsetsereka kuchokera ku Kaning'ina,
matumba atatu pa njinga imodzi,
mwini wake osaoneka n'komwe.

Tsiku lina la chifunga anafika mayi Suzgika Mzumara,
nsapato zili ndi matope ofiira mpaka m'zingwe,
napempha tizidutswa timene ndimasesa poweruka.
Ndinayesa akufuna kukhoma mbaula.
Ayi, anatero, ndikufunafuna nkhoswe.

Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Anandiitana kuti ndikaone ndekha.
Kachipinda kawo n'kopanikiza, kafungo ka asidi,
sola ziwiri padenga, imodzi yong'aluka pakona.
M'botolo la madzi anamiza tizitsulo tiwiri
nalumikiza nthambo.
Poyamba kunali zii.
Kenaka tithovu, kamodzikamodzi,
kenaka piringupiringu ngati inswa pa nyali.

Madzi ndi banja, anandiuza,
mipweya iwiri yokumbatirana zolimba.
Magetsi akati alekanitse okha amakhetsa thukuta,
mphamvu n'kuthera pa mkangano.
Koma pakakhala nkhoswe yodziwa kuyala nkhani
mlandu umatha dzuwa lisanapendeke,
aliyense n'kumanga katundu wake,
nkhosweyo n'kubwerera kwawo ili yathunthu.
Kunja amadalira pulatinamu,
kachidutswa ngati chikhadabo, mtengo wa ng'ombe.
Ine ndikufuna nkhoswe yoyenda pansi,
ya nikelo ndi dzimbiri la pa shedi panu.

Zaka zinayi ndakhala ndikuwasungira zosesa.
Kope lawo ndaliona, ladzaza ndi maliro:
cha nambala khumi chinanyenyeka usiku umodzi,
china chinada bii ngati mphika wa pamafuwa,
china chinagwira maola asanu ndi anayi
n'kufa iwo atapita kukagula mandasi pa Katoto.
Sanalire. Anangolemba nthawi yake.
M'mwezi wa Juni, zala zitauma ndi chisanu,
chimodzi chinakana kufa.
Sabata, masabata atatu, chikungopuma thovu.

Ndamva kuti zolemba zawo zafika kutali,
kuti anthu amene sanapondepo Mzuzu
amaika dzina lawo m'munsi mwa masamba,
ena n'kumaphonya kalembedwe kake.
Anandionetsa pa foni: atchulidwa kopitirira mazana awiri.
Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinafunsa,
amenewo ndi matumba angati a makala?
Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali.
Ngakhale limodzi, anatero. Sindinafike.
Ndinachita manyazi, ndinayamba kufuna hamala
imene inali m'manja mwanga.

Lachiwiri lapitali abwera ndi kasilinda kakang'ono,
kumbuyo kwawo mtsikana wa ku Chibavi, Tiyezge,
wophunzira wawo, atakolera chingwe cha gasi m'khosi.
Miyendo ya chitofucho ndinawotcherera ndine,
umodzi ndi waufupi, tinaikira katoni.
Tiyezge anakhwecha machesi.
Ndinati sunayake.
Ikani dzanja, anatero mayi aja, koma patali.
Unali moto wosaoneka ndi maso,
wopanda utsi, wosaluma m'maso,
moto wa ulemu ngati mlendo.

Tinatereka ketulo ya tiyi.
Isanatenthe, kunsi kwake kunachita timadontho.
Ndinakhudza ndi chala: palibe mwaye,
madzi enieni.
Banja lija labwererana, anatero Tiyezge,
ndipo tonse atatu tinaseka ngati ana.

Panja mvula yowaza inali itayambanso.
Njinga ya makala inadutsa, mabuleki akulira,
mnyamata akuigwira ndi thupi lonse kuti isamuthawe.
Mayi Mzumara anamutsatira ndi maso mpaka pa mphambano,
tiyi akuzizira m'kapu,
kenaka anatsegula kope lija
nandifunsa ngati mawa ndisesa.