Kabokosi Kolira

Loweruka ndinatsika takisi ku Fordsburg
ndi marandi mazana anayi m'sokosi,
phindu la miyezi itatu yodya buledi wosapaka.

A Essop anayala mamodemu awiri pakauntala
ngati wogulitsa nkhuku pamsika wa Lizulu.
Iyi ndi yam'kati, anatero: umang'amba mimba ya kompyuta,
n'kuilowetsa m'nthiti, osadzaionanso.
Iyi ndi yakunja, ya timagetsi tofiira,
imafuna soketi yakeyake
ndipo mtengo wake ndi wonyada.

Ndinafunsa za liwiro ngati wodziwa.
Yothamanga ija, ndalama yanga
sinkaifika ngakhale m'mawondo.
Kuthamanga sikufika, ndinadzitonthoza,
koma a Telkom amawerenga mphindi,
sawerenga miyambi.

Ndinatenga yakunja, yakale, yong'aluka pakona.
Ndinkafuna kuona ndi maso ikamagwira ntchito.
Zogwira ntchito mobisika zandikwana mumzinda uno;
inenso ndine chimodzi mwa izo,
mlonda wa usiku pakhomo la galaja ku Braamfontein.

Mapulogalamu analinso awiri, m'madisiketi.
Ina ya mitundu, ya timabatani tokongola,
koma kompyuta yanga, yotola paofesi yomwe inatsekedwa,
ikanatsamwa nayo.
Inayo ya nkhope yakuda bii,
yongodikira kuti uiuze zochita, chilembo ndi chilembo.
Ulere kwa masiku makumi atatu,
kenako utumize madola kwa mwini wake kutsidya la nyanja.
Ndinaseka ndekha.
Bambo ameneyo aime pamzere:
ku Ntcheu kuli anthu asanu ndi awiri patsogolo pake.

Ndikutuluka a Essop anandikoka malaya.
Mitambo ikada chakumwera, zula nthambo.
Mphezi ya Joni imalowera m'waya wa foni,
theka la malonda anga limandipatsa ndi iyo.

Ku Yeoville, chipinda chachinayi pamwamba,
ndinadikira Mayi Radebe agone,
poti foni ndi yawo, ine ndimangobwereka mpweya wake.
Ndinakoka nthambo kudutsa m'khonde,
pansi pa chitseko, kuseri kwa sutukesi.
ATDT, kenako nambala yolembedwa pachikopa cha ndudu.

Inalira kawiri.
M'kabokosimo munatuluka mawu a mayi wokalamba,
atulo, aukali, m'Chisutu chomwe sindimva,
akufunsa mdima kuti ndiwe yani.
Ndinali nditasemphanitsa manambala awiri.
Ndinapepesa kwa kabokosi kopanda makutu.

Kachiwiri ndinalemba modekha ngati wosayina kupolisi.
Ndiye kunabwera kulira kuja:
mluzu, nyenje za mu Okutobala,
mpeni pamwala wonolera,
kenako mvula padenga la malata,
kenako zii.
Timagetsi tinayaka motsatana
ngati mudzi womwe ukudzuka.

Kwinakwake ku Randburg, m'nyumba ya munthu wosamudziwa,
makina ena anavomera moni wa anga.
Zilembo zinatsika mzere ndi mzere,
mwaulesi, ngati mbuzi zotuluka m'khola,
mpaka zinaima pa funso limodzi:
dzina lako.

Zaka zinayi pagalaja amandiitana Malawi.
Abwana amati Johnny, sindidziwa anamutola kuti.
Ndinayang'ana kamzere kophethira kaja nthawi yaitali
ngakhale mphindi zinkadya ndalama.

Lonjezo Kamphinda Gomani-Phiri.
Sanandiuze kuti ndi lalitali,
sanapemphe chiphaso,
anangolibweza lonse, losathyoka,
ndi mawu ondilandira kutsogolo kwake.

Kunja, cha ku Ponte, kunang'anima.
Ndinawerenga mpaka zisanu ndi zitatu bingu lisanagunde.
Ikadali kutali, ndinatero,
dzanja lili kale pa nthambo,
maso akukana kuchoka pa dzina.