Malaya a Nyemba

Ntchito yanga ku Msekera ndi kuwerenga mitundu.
Lichero pamiyendo, timapepala ta manambala,
pensulo yotafunidwa kumutu.
Zofiira psuu kuno, zoyera uko,
zamawanga ngati nkhanga pakati.
Dzuwa likapendeka maso amayamba kuyabwa;
usiku ndikatsinzina ndimaonabe nyemba.

A Nkhuwa ndiwo anandiphunzitsa kukwatitsa maluwa:
kulitsegula duwa lisanadzuke,
kulichotsa mungu wake, kulipaka wa mnzake,
kulimanga kaulusi m'khosi.
Mayi woyera, bambo wakuda bii wa ku Lundazi.
Pokolola ndinaswa makoko mtima uli m'mwamba.
Zoyera.
Zonse mbee.
Ndinati dzanja langa laphonya.

Anaseka mpaka kuvula magalasi.
Zelipa, malaya a mbewu amasoka ndi mayi,
ndi nsalu yake yomwe.
Bambo alimo m'katimo, wangokhala chete.
Bzala zimenezi, udikire mvula ina.

Ndinadikira. Mvula ina bambo anatulukira,
lichero lonse kuda ngati makala.
Mvula yachitatu, pa mapesi anayi alionse
limodzi linabwerera ku kuyera kwakale
popanda wolituma.

Kenako tinagawa envulopu imodzi patatu.
Zina ku katondo wa ku Chadiza,
zina kuchigwa kotentha cha ku Mambwe,
zina tinaziiwala m'sitolo, pansi pa malata.
Zinabwerako ngati ana a mabanja osiyana:
za kuchigwa zitapserera,
za m'sitolo zitafiira ngati tiyi wogonera.
Ndinalemba zonse. Mbewu ndi imodzi,
koma dzuwa nalo lili ndi utoto wake.

Yotamu wanga anabadwa woyera ngati ine.
Alongo a bambo ake anabwera ku Kapata ndi sopo mmodzi,
nampinda timakutu kufuna pakuda,
nam'tembenuza tizala,
mmodzi akuwerenga miyezi pansi pa chitenje.
Sananene kanthu. Sanamwe madzi.
Mwezi usanathe mwamuna anakwera basi ya ku migodi
ndi chikwama chimene ndinagula ine.

Tsopano mnyamatayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Mpira wa masana wamudetsa khosi ndi mikono,
pamimba pokha mpamene patsala ine.
Dzulo ndinamuona akutsika njira ya kusukulu,
phewa lamanzere litagwa pang'ono,
akuimba mluzu ndi mpata wa m'mano.
Ndani anamuonetsa kayendedwe kameneko,
iye wosamdziwa munthuyo ngakhale pa chithunzi?
Ndinagwira chitseko.

Buku la a Nkhuwa lili ndi mzere wa mtundu,
mzere wa dothi, mzere wa mvula.
Lilibe mzere wa zimenezi.

Lero m'mawa, mu envulopu makumi anayi ndi ziwiri,
ndapezamo imodzi yosadziwika mbali,
theka yoyera, theka ngati yapsa.
Ndaitembenuza nthawi yaitali.
Ili m'thumba la yunifolomu,
sindinailembe.