Zimene Pulawo Imafukula

Chaka chilichonse, chipale chofewa chikasungunuka,
pulawo ya mwana wanga imafukula kachitsulo kena.
Chaka chino ndi kamsomali kopindika.
Chaka chatha inali geji yamafuta yophwanyika,
muvi wake ukulozabe pa theka.
Ndimaziponya m'chitini cha tiyi pawindo.
Chitinicho chatsala pang'ono kudzaza.

Zinali zachikasu ndege zija,
chikasu cha batala wa mu Juni,
akuti kuti zikagwa pachipale zioneke msanga.
Wopaka utotoyo ankadziwiratu.
Zinkanyamuka pabwalo la kuseri kwa njanji,
kuzungulira, kutera, kunyamukanso,
usana ndi usiku, mpaka nkhuku zinaleka kuikira.
Mahatchi a Dmytro anazolowera. Ine ayi.

Nkhondo inali kutsidya kwa nyanja.
Kuno ku Saskatchewan tinkangoimva pa wailesi
ndi pa mtengo wa tirigu,
koma ana ake ankaphunzirira pamwamba pa denga langa.

Lachinayi lija, mu Febuluwale, ndinkayanika zovala,
malaya akuuma gwa ndi chisanu ndisanawasiye n'komwe.
Injini inatsokomola kawiri.
Kenako zii.
Sindinamvepo bata lotero, bata lokhala ndi mapiko.
Inapendekeka ngati munthu wotchera khutu,
phiko limodzi linakola waya wa mpanda,
ndipo munda wakumpoto unalandira mlendo.

Dmytro anathamanga ndi fosholo, ine ndi bulangeti.
Zonse ziwiri sizinathandize.
Sindinena zimene tinaona.
Ndinena za nsapato imodzi, zingwe zake zomangidwa bwino,
ndi fungo la petulo limene linakhala m'tsitsi langa mpaka Pasaka.

Dzina tinalimvera pamaliro: Lindsay Tarrant,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kwawo ku Tasmania,
maola makumi anayi ndi atatu mumlengalenga.
Sanaponyerepo munthu bomba.
Palibe amene anamuwombera.
Mdani wake anali kadontho ka madzi
kamene kanaundana m'kapaipi kochepa ngati phesi la tirigu.
Anaimba lipenga, anapinda mbendera,
ndipo tisanatuluke pachipata cha manda
ina yachikasu inadutsa pamutu pathu,
mnyamata wina akuphunzira kukhota.

Kalata inafika tirigu akucha,
sitampu yachilendo, zilembo zopendekera kumanja.
Mayi ake sanafunse ngati anamva ululu.
Anafunsa kuti, malowo ndi otani?
Pali mtengo pafupi? Dzuwa limafikapo m'mawa?
Chipale chochuluka chotero anali asanachionepo,
kodi anachikonda?

Chingerezi changa n'chogulira mchere ndi palafini.
Ndinakhala mausiku atatu ndi pensulo, nyale ikufuka.
Ndikanalemba chiyani?
Kuti mtengo palibe ngakhale umodzi,
kuti kuno thambo limafika pansi mbali zonse
ndipo munthu alibe pobisala?
Kuti pamalopo tirigu anakana kumera,
koma m'mphepete mwake anatalika kufika m'chiuno
ndipo Dmytro anawalambalala ndi makina, osanena kanthu?
Ndinathyola ndekha ngala zitatu,
ndinazikulunga m'kampango kanga ka kutchalitchi,
papepala ndinalemba dzina lokha: Paraska.

Yankho silinabwere.
Mwina sitima inamira,
zinkamira zambiri chaka chimenecho.
Mwina anatsegula, naona, nasowa mawu ngati ine.

Bwalo lija lamera udzu m'ming'alu,
nyumba za ndege zasanduka nkhokwe,
ndipo Dmytro wagona mizere iwiri kuchokera pa mnyamatayo,
amene tsopano ndi wamng'ono kwa ana anga onse.

Dzulo mdzukulu wanga wafunsa ngati anali ngwazi,
kusukulu akufuna ngwazi zoti alembe.
Ndinamupatsa chitini kuti agwedeze.
Akuti, zikulira ngati ndalama.
Ndinati, bweza pawindo, usatseke kwambiri,
bambo ako sanamalize kulima kumpoto.