Khosi la Lole

Che Ajibu anati, "Lole yanuyi sikudwala,
ikungomeza mpweya wake womwe,
wotentha ngati wa mu uvuni wa njerwa."
Ndinaseka. Chitsulo nachonso chimabanika?

Paipi tinakaigula ku Limbe,
yonyezimira kuposa lole yonse.
Tsiku lathunthu ku Ndirande,
mutu uli m'boneti, sipanala kukamwa,
iwo akukhotetsa khosi la injini
kuti lisuzumire panja, kuseri kwa nyali,
komwe kumadutsa chiperoni.

Fyuluta yakale anandiikira m'manja.
Munali Machinjiri yense, munali Chirimba,
zaka zisanu ndi zinayi
za mchenga womangira nyumba za eni.

Lachinayi m'mamawa, titadzaza mpaka pakamwa,
pa chitunda cha ku Chilomoni
pomwe Maulidi ankadumpha kukaika mwala kutayala,
tinakwera pa giya yachitatu.
Mnyamatayo anangoufungatira mwala wake pamiyendo,
kusowa nawo chochita.

Pamwamba ndinaima, ndikutsitsa galasi.
Injini ikung'ung'udza bwinobwino.
Kenaka chifuwa changa chija chinayamba,
cha fumbi lomwelo.

Che Ajibu, nanga langali
mumakhotetsa ndalama zingati?